Tsiku limene Zuze anazula chitseko

"Nkhoma, munthu si nkhuku! Ukafuna kumutsekeranso ndi loko wakoyo, uyambe watsekera ine!"

Amene anakuwa mawu amenewa ndi malemu agogo anu aakazi, omwe inu mumawakumbukira ngati nkhalamba yofatsa ya maswiti m'thumba la epuloni. Yofatsa? Mukanawaona tsiku limenelo. Anaima pakati pa bwalo, duku litapendekeka, kampeni kosendera mbatata kali m'manja. Ine ndinali nditagwira loko. Kumbuyo kwanga kunali kachipinda kathu ka malata kaja, kopanda chitseko. Chitsekocho chinali chitatsamiritsidwa bwinobwino pa mtengo wa mapichesi, tizitsulo take titaikidwa m'kachitini pambali kuti tisatayike.

Koma ndayambira pakati, ngati munthu wokwera sitima ikuyenda. Chikondi, ndiwe unandiumiriza kuti ndilembe za kale, ukuti pakamwa ndimangokalipa osamaliza nkhani. Chabwino, ndalemba. Muwerenge nonse, ndipo Tumelo asandiuze kuti, "Eish, Agogo, Chichewa n'chovuta." Chovuta n'chiyani? Mafoni anuwo mumawawerenga mpaka khosi kupindika.

Mukudziwa kuti kwathu ndi ku Ntcheu, kufupi ndi pa Lizulu, pamene msewu waukulu ndiwo malire: tsidya lino Malawi, tsidya linalo Mozambiki. Mbuzi zathu zinkadya udzu wa Apwitikizi masana, madzulo n'kudzagona kwa Angelezi. Sukulu ndinaphunzira mpaka JC, ndipo masiku amenewo wa JC ankayenda mapewa ali m'mwamba. Ndinabwera ku Joni ndili mnyamata, kwina pa lole, kwina pa sitima, kwina wapansi, ndikuganiza kuti ndikakhala kalaliki wa tayi. Ntchito yoyamba imene ndinapeza inali yokankha makina odulira kapinga ku Lynnwood. Osati a injini amene mumawaona lerowa, ayi. Achitsulo, olemera ngati ngolo, oti ukawakankha tsiku lonse manja amanjenjemera okha pogwira kapu. Ndipo ngakhale ntchito imeneyo sindinaipeze ndi satifiketi. Anandipezera ndi mkulu wina wa ku Dedza, wophika m'nyumba ya azungu, amene anandigoneka pansi m'kachipinda kake mpaka chitupa changa chitakonzeka. Mu Pretoria simunkalowera pa chipata, ana inu. Munkalowera pa munthu.

Mtima wapachala ndinabadwa nawo, ndipo sindipepesa. Unandichotsetsa ntchito ku Lynnwood, koma unandipezetsanso ina yabwino, yoyang'anira nyumba yosungira zipangizo pa fakitale ina ku Silverton, chifukwa bwana wa kumeneko ankafuna munthu woti anzake azimuopa. Ndinakwatira agogo anu, mkazi wa mtundu wa Apedi a konkuno, amene anaphunzira Chichewa ndi cholinga chimodzi chokha: kuti azindiyankha. Tinalowa m'nyumba ino ya ku Mamelodi chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Magetsi munalibe. Malasha ankabwera pa ngolo ya akavalo, mwini wake akukuwa msewu wonse, ndipo nyengo yozizira tinkayatsa mbaula ya chidebe chobowola, n'kuisiya panja kuti utsi uthe kaye isanalowe m'nyumba. Madzulo utsi wa nyumba zonse unkagona pamwamba pa madenga ngati bulangete. Inu amene mumangodina batani n'kumadandaula kuti ketulo ikuchedwa, ndikanakupatsani pulayimasi yotsekeka ndi kasingano kake, mukanalira.

Tsopano za Zuze. Inde, Agogo Zuze anu omwewa, amene anakhoma mabedi omwe mumagonapo. Inu mumaganiza kuti anabadwira mumsewu muno.

Anafika zaka za m'ma 1980 zili pakati, nyengo yozizira. Ndinaweruka ku ntchito n'kupeza pa geti pali mayi wina amene ankaotcha chimanga pa siteshoni ya Denneboom. Pambali pake panali munthu wowonda, milomo yong'aluka, atafunda chiguduli m'mapewa.

"Nkhoma, ndakubweretsera m'bale wako," anatero mayiyo. "Wakhala pa siteshoni chiyambire dzulo, sayankhula ndi munthu. Ndamupatsa chimanga chamoto, chamuotcha zala, wakuwa kuti, 'Mayo ine!' Ndati ameneyu ndi wa kwa Nkhoma basi. Ndi mmene unakuwira iwe tsiku lija unapanidwa ndi chitseko cha sitima."

Ine sindinaseke. Masiku amenewo mlendo pa geti sichinali chinthu chosekera.

"Kwanu n'kuti?" ndinamufunsa.

"Ku Angoniya, bambo, kufupi ndi Ulongwe."

"Bodza. Wa ku Angoniya akathawa nkhondo amangodumpha msewu, walowa m'Malawi. Kuno wafuna chiyani?"

Anafotokoza pang'onopang'ono, maso ali pansi. Anali kalipentala, ndipo ntchito inamutengera kummwera kwa dziko lawo, dera la Gaza, kutali ndi kwawo. Nkhondo itafika kumeneko, njira yobwerera kumpoto inatsekeka. Anathawa ndi Ashangani, eni dera limenelo, kulowera kumadzulo, kudutsa nkhalango ya zilombo ija ya kumalire. Za m'nkhalangomo sanafotokoze tsiku limenelo, sanafotokozepo mpaka lero, ndipo inu musadzayerekeze kumufunsa. Anathyolako malalanje m'mafamu, akumva kuti apolisi akubwera n'kusuntha, mpaka sitima inamulavula pa Denneboom.

"Ngati ndiwedi wa ku Angoniya, pa Lizulu amagulitsa chiyani?"

Apo ndiye anadzutsa mutu. "Kachewere, kabichi, mapichesi. Koma zambiri zimachokera m'minda ya kwathu, bambo. Inu a ku Ntcheu mumangodziwa kuunjika milu."

Ndinamuyang'ana nthawi yaitali. Chipongwe choterocho munthu sangachiphunzire pa njira.

"Chiwongo chako?"

"Mbewe."

Mayi anga anali naMbewe. Ndiye munthu uyu, wamng'ono kwa ine, wopanda nsapato zolongosoka, anali malume anga. Agogo anu anali atatenthetsa kale madzi osamba ine ndisanamalize mafunso.

Muyenera kumvetsa mmene zinthu zinalili. Wothawa nkhondo ya ku Mozambiki boma la nthawi imeneyo silinkamuwerengera ngati wothawa nkhondo. Linkamuona ngati wolowa mozemba. Akagwidwa ankamuponya m'kwelakwela, lole ya apolisi ya mawaya ija, n'kukamutula kumalire, kumene anathawa komweko. Ambiri obwezedwa choncho sitinamvenso za iwo. Zuze akanagwidwa, kunali kubwerera ku mfuti. Nkhani yonse inagona pamenepo.

Ine ndinaganiza monga munthu wosunga katundu, chifukwa ndiyo inali ntchito yanga: chinthu chimene sukufuna kuti chisowe umachitsekera. Ndinachotsa malasha ndi njinga yakufa m'kachipinda ka malata, ndinaikamo matiresi, ndowa ndi mabulangete. M'mawa uliwonse popita ku ntchito ndinkatseka ndi loko kunja, kuti apolisi akabwera aone ngati mosungira zinthu. Kiyi ndinkapita naye, chifukwa agogo anu ndinkawadziwa. Chakudya chamasana ankamupatsira pa mpata wa pansi pa denga. Madzulo ndinkamutsegulira, tinkadya pamodzi makatani atatsekedwa, n'kumacheza za kwathu: za ngoma, za matenje a pa ukwati, za mowa wa ku Tsangano. Ndimakumbukira madzulo amenewo mokoma kwambiri. Ndinali nditatha zaka zambiri osamva munthu akuseka nthabwala yanga isanamasuliridwe. Nyengo yozizira inatha, mapichesi anachita maluwa, mvula inayamba, iye ali momwemo. Sanadandaule. Ankangosema timitengo, n'kukonza mipando yathu yonse, ina yosathyoka n'komwe.

Koma apolisi sanali mantha okhawo. Zinali zaka za moto. Achinyamata, makomuredi, anali ataukira boma, ndipo aliyense woganiziridwa kuti ndi impimpi, ndiye kuti kazitape wa apolisi, nyumba yake inkayaka. Tsono kuseri kwa mpanda wathu kunali nyumba ya a Mashilo. MmaMashilo anali mayi wachikulire, wamasiye, amene kale msewu wonse unkamukonda. Magwinya ake, mandasi aakulu a kuno aja, ana ankawamva fungo ali ku sukulu. Mwana akabadwa mumsewu muno, woyamba kumusambitsa anali iye. Koma mwana wake Piti anali wapolisi wa khonsolo, wa yunifomu yakuda, ndipo nthawi itasintha anthu anasiya kulowa pa geti pawo. Mazenera anaikamo mawaya. Magwinya anasowa wogula. Ine ndi Piti tinali titasiya kuyankhulana kale ndale zisanafike, pa nkhani ya galu wake amene ankafukula nyemba zanga, koma imeneyo ndi nkhani ina, ndipo wolakwa anali iye.

Ndiye MmaMashilo anamwalira, chakumayambiriro kwa sabata.

Inu maliro a masiku ano mumawadziwa: kampani imabweretsa tenti, mipando yovekedwa nsalu, chakudya cha m'mabokosi, anthu akujambulana. Kale msewu ndiwo unali kampani. Munthu akamwalira, tsiku lomwelo amayi ankafika ndi makapu ndi ufa wa masikono. Madzulo aliwonse kunkakhala mapemphero ndi nyimbo. Lachisanu amayi onse ankapita ndi mipeni yawoyawo kukasenda mbatata ndi makaroti, amuna akuwaza nkhuni, akumanga tenti, akusenda ng'ombe. Loweruka n'kukaika. Sunkadikira kuitanidwa.

Kwa a Mashilo sabata imeneyo kunali zii. Palibe analetsa poyera, koma aliyense ankayang'ana mnzake kuti ayambe ndani. Ine ndinauza agogo anu kuti phazi lawo lisapondeko. Tinali ndi munthu wobisika kuseri. Sitikanafuna maso a apolisi, sitikanafunanso maso a makomuredi.

Lachisanu ndinatsika sitima, ndikubwera ndi msewu wathu dzuwa likadalipo. Ndili chapatali ndinamva nkhwangwa: go! go! go! Ndinaona ana atakangamira pa mpanda wa a Mashilo, ndi amayi angapo ataima m'mageti mwawo, manja ali m'chiuno. Nditayandikira ndinaona chimene ankayang'ana. Pakati pa bwalo la wapolisi, poyera, atavala ovolosi yanga ya ku ntchito, Zuze anali kuwaza nkhuni. Mulu unali utafika kale m'chiuno. Pakhoma panali patatsamira fosholo yanga.

Sindikumbukira mmene ndinalowera pa geti pathu. Ndinangozindikira ndili pa mpanda, ndikutulutsa mawu kudzera m'mano: "Malume! Bwerani kuno msanga!" Ndikamutcha malume ankadziwa kuti zavuta. Anamaliza kaye chikuni chimene anayamba, anakhazika nkhwangwa bwinobwino, n'kuzungulira pa msewu, pa maso pa anthu onse, kudzalowa pa geti ngati munthu wobwera ku tchalitchi.

"Watuluka bwanji?"

Analoza chitseko chili pa mtengo wa mapichesi. "Loko wanu sindinamuononge, achimwene. Mahinjesi munawakhomera mkati."

"Ndiye kuti masiku onsewa ukanatha kutuluka?"

"Ee. Koma munali mutanena."

"Nanga lero sindinanene?"

"Lero kuli maliro." Anayankha ngati ndamufunsa ngati madzi amanyowetsa. "Chiyambire tsiku lija ndakhala ndikumvetsera. Ndimamva mwana wamkazi wa malemu akulira yekha m'nyumba. Nyimbo palibe, moto palibe, phazi la munthu palibe. Ndimati mwina kuno amayamba mochedwa. Lero m'mawa ndati ayi, mawa n'kuika, ndipo sindinamve amuna akupangana zokumba. Ndatenga fosholo ndapita."

"Wapita ndi fosholo pa nyumba ya maliro?"

"Ndawafunsa m'Chishangani kuti manda ali kuti, ndikayambepo. Andiyang'ana ngati wamisala. Kenako mwana wamkazi uja waseka, misozi ili m'maso. Akuti kuno amakumba a khonsolo. Dziko lanji limeneli, achimwene, loti munthu amakumbiridwa manda ndi anthu osamudziwa? Ndiye ndati chabwino, nkhwangwa muli nayo?"

Pamenepo ndinaphulika. Ndinamuuza zonse zimene zinali kukhosi, zina sindingazilembe pano. Ndinati wadutsa mikango kuti adzadzipereke yekha m'manja mwa wapolisi. Ndinati mawa kwelakwela ikapanda kumutenga, makomuredi amutenga, chifukwa munthu wosadziwika wotulukira pa bwalo la Piti angakhale ndani ngati si kazitape? Ndinati, "Kodi ukudziwa n'komwe kuti nyumba imeneyo ndi ya yani?"

"Ndi ya MmaMashilo," anatero. "Maliro n'kulirana, achimwene."

"Usandiphere miyambi! Dzina lawo walidziwira kuti?"

Anayang'ana agogo anu. Agogo anu anayang'ana kumwamba. Kenako zinatuluka. Kuseri kwa kachipinda kaja, lata limodzi linali ndi kazenera koyang'ana kumene MmaMashilo ankayanika zovala. Sabata yoyamba yomwe mayiyo anamva munthu akutsokomola, anasuzumira, mawa lake n'kubwera ndi magwinya awiri m'pepala. Kuyambira pamenepo tsiku lililonse ankakoka kampando, kukhala kuseri kwa mpanda, n'kumacheza naye. Mayi amene msewu unasiya kumuyankhula, ndi bambo amene ine ndinamuletsa kuyankhula. Miyezi yonseyi ine ndikuyenda ndi kiyi m'thumba, ndikudziona ngati wochenjera.

Ndinatola loko, ndinati chitseko chibwerere pomwepo, ndipo ulendo uno mahinjesi ndikhomera kunja. Ndi pamene agogo anu anakuwa mawu amene ndayamba nawo aja. Ndipo sanalekere pomwepo.

"Ukuganiza kuti msewu sudziwa? Ana amati kwa Nkhoma kuli mzukwa wotsokomola. Amayi amandifunsa pa mpopi kuti bwanji ndikugula buledi wambiri. Onse akudziwa kuti muli munthu, koma palibe akudziwa kuti ndi ndani. Munthu wopanda dzina anthu amamupatsa okha dzina, Nkhoma, ndipo masiku ano dzina limene amapereka ukulidziwa. Tsiku limene adzabwere kudzamutulutsa, adzamuyankhulire ndani? Iwe uli ku Silverton ndi kiyi wako?"

"Khala chete, mkazi iwe!"

"Ndakhala chete sabata yonse, mayi amene anandisambitsira ana ali gone kuseri kwa mpanda. Mpeni uwu ukuuona? Ndikupita kukasenda mbatata. Ukafuna undimenye pa msewu, anthu aone."

Sindinawamenyepo agogo anu moyo wanga wonse, ndipo ankadziwa. N'chifukwa chake ankayankhula choncho.

Tili mkati mokalipirana, wina anatsokomola pa mpanda. Anali Piti. Sanavale yunifomu, anali ndi vesiti yokha, maso ali psuu. Mtima wanga unati basi, zatha. Zuze sanasunthe.

"Thobela, Ntate Nkhoma," anandipatsa moni mwaulemu, koyamba m'zaka zambiri. "Musaope. Munthu wanuyu ndamudziwa kalekale. Amayi anandiuza kuti iyeyu akadzagwidwa ine ndikadali pa ntchito imeneyi, ndisadzawatchulenso kuti amayi."

"Ndiye ukufuna ndikuthokoze?"

"Ayi. Ndikufuna mumve kwa munthu amene amakwera lole imeneyo. Mapepala sindingamupezere. Tsiku limene ine kulibe, anzanga sindingawaletse. Koma loko wanuyo sateteza munthu. Tikaona loko pa kachipinda ka kuseri, ndi pomwe timayambira kuthyola, ndipo wa mkatimo alibe kothawira. Amene timalephera kuwagwira ndi amene msewu ukuwadziwa. Lole ikangokhota pa kona, mluzu walira kale, mageti atseguka, munthu wasowa. Timafunsa, aliyense akuti ndi mlamu wake."

Zimenezi, ana inu, ndinadzaziona ndi maso anga chaka chotsatira. Lole inalowadi mumsewu muno masana, ndipo Zuze anapezeka ali pa bedi la mayi wina wa nyumba ya pa kona, atafunditsidwa mpaka kumutu, mayiyo akulirira apolisi pa khomo kuti mwamuna wake ali ndi chifuwa chachikulu, alowe ngati akufuna kuchitenga. Mwamuna wake weniweni anali ku ntchito, ndipo nkhani imeneyi sanaikonde mpaka imfa yake. Koma tsiku la Lachisanu lija zonsezi ndinali ndisanazione. Ndinali ndi mawu a wapolisi okha.

Piti anagwira waya wa mpanda ndi manja onse awiri. "Mawa bokosi la amayi likusowa manja. Achibale a kumudzi afika ochepa, ambiri ndi amayi. Anzanga a ku ntchito sindikufuna alikhudze. Mukudziwa chimene chingachitike. Uyu wavomera kale. Ndikupempha inunso."

"Sindinganyamule bokosi chifukwa cha iwe."

"Sindinapemphe chifukwa cha ine," anatero, n'kubwerera.

Agogo anu anamanga duku bwino, anandidutsa ngati ndine mtengo, n'kutuluka pa geti ndi kampeni kawo. Ndinaona amayi awiri a tsidya la msewu akuyang'anizana, kenako mmodzi analowa m'nyumba n'kutuluka ndi mpeni wake. Zuze anandifunsa ngati abwezeretse chitseko. Ndinamuuza kuti asandiyankhule.

Musaganize kuti mantha anga anali opusa. Ndikunena lero ndipo ndidzanena mawa: anthu ankafa chifukwa cha zinthu zazing'ono kuposa kuwaza nkhuni. Inu mumamva za nthawi imeneyo m'mabuku a ku sukulu, ife tinkamva fungo lake. Koma ndinali munthu wodziwa kuona pamene zinthu zafika. Zuze anali ataonedwa ndi msewu wonse pa bwalo la wapolisi. Kumubisanso tsopano kukanangotsimikiza zimene anthu akanayamba kunong'ona. Chimene chinatsala chinali chimodzi: dzina lake lifike m'makutu mwa anthu kuchokera pakamwa panga, lisanafike kuchokera pakamwa pa wina.

M'mawa mwake ndinadzuka, ndinameta ndevu, n'kutulutsa majekete awiri. Kuno mwamuna sapita ku maliro wopanda jekete, ngakhale dzuwa liswe mtengo. Zuze ndinamupatsa ya ukwati wanga. Manja ake anabisika mpaka zala, koma anaima mowongoka ngati mkwati. Titatuluka pa geti iye anakhotera kwa a Mashilo. Ndinamukoka.

"Kuno. Tiyambira kumtunda."

Nyumba yoyamba inali ya Bra Soli, woyendetsa tekisi, wa mu komiti ya msewu, amene ana ake awiri anali makomuredi. Ndinagogoda ngati wapolisi. Anatuluka akumanga lamba.

"Nkhoma, kwagwanji m'mawa uno?"

"Uyu ndi Zuze Mbewe. Ndi malume anga, kalipentala, wathawa nkhondo ku Mozambiki. Mapepala alibe. Amagona kuseri kwanga. Tsopano wadziwa, ndipo wamva kwa ine."

Soli anamuyang'ana kuyambira ku nsapato mpaka kumutu. "Ndi uja amawaza nkhuni kwa Piti dzulo?"

"Kwa MmaMashilo. Amene anasambitsa anyamata ako awiri aja asanadziwe kuponya miyala. Uyu wabwera dzana, ndipo wadziwa kuti maliro salekereredwa. Ife tikukanyamula bokosi. Amene akufuna kutentha nyumba yanga adikire ndibwere kumanda, ndimuthandize kuyatsa."

"Nkhoma, tsitsa mawu. Ukudzutsa agalu." Anakanda mutu, n'kutembenukira kwa Zuze m'Chishangani chake chothyokathyoka. "Akuti unazula chitseko uli mkati?"

"Ee, bambo."

Soli anaseka mpaka kugwira khoma. "Cha kukhitchini kwanga chimakhula pansi chaka chachitatu chino. Udzabwere Lolemba." Kenako anasiya kuseka. "Ine kumanda sindifika, Nkhoma, ukudziwa chifukwa chake. Mayi wa kunyumba ndiye apitako. Anyamata ndiyankhula nawo. Munthu wako sakhudzidwa."

Tinatsika ndi msewu, khomo ndi khomo, ine ndikubwereza mawu omwewo. Ena anamugwira chanza. Mkulu wina anatseka chitseko ndisanamalize, ndipo ndinamuuzira pa zenera zimene ndinkaganiza za iye ndi makolo ake. Ena sananene kanthu, koma titadutsa tinkamva kumbuyo mageti akulira, ndipo nditacheuka ndinaona amuna angapo a majekete akubwera mwapang'onopang'ono, aliyense akuchita ngati akupita kwina.

Nyumba yomaliza tisanafike kwa a Mashilo inali ya mayi wina wovuta, mphunzitsi wopuma, amene ine ndi iye tinali titatukwanizanapo kangapo. Ndinakweza dzanja kuti ndigogode, koma Zuze anandigwira mkono.

"Mwana wa mlongo wanga, mwakalipa mokwanira. Mawu akutherani. Imani apo."

Anapinda manja a jekete, anavula chipewa, n'kugogoda yekha, mofatsa. Mayiyo atatsegula, Zuze anawerama pang'ono, n'kunena m'Chipedi chimene sindinkadziwa kuti ali nacho: "Thobela, Mma. Ke nna Zuze."

Mayiyo anamuyang'ana, kenako anayang'ana ine pamwamba pa magalasi.

"Ndiwe Zuze? Lowa, mwananga, umwe tiyi ndikuvala nsapato, tipitire limodzi. Nkhoma adikire panja."

Ndipo ndinadikira.